Chipewa Chomera Lipombo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, pamene ndinalembedwa ntchito yokhala mphuno ya amayi anga. Chaka chimenecho amayi anadwala chimfine choopsa, ndipo atachira anapeza kuti sakumvanso fungo. Ndiwo zinkapserera iwo ali pomwepo akusenda mtedza. Kwa munthu wina vuto likanathera pa ndiwo, koma ntchito ya amayi inkayambira pamphuno.

Amayi, aNaphiri, ankaluka zipewa zophika. Luso limeneli analiphunzira ali mtsikana kwa sisitere wina wokalamba ku Guilleme. Umaluka chipewa chachikulu, choti n'kulowamo mutu wa ng'ombe, odutsa n'kumakuseka. Ukatha umachiviika m'madzi otentha a sopo, kuchifikisa, kuchikanda, kuchiponya m'madzi ozizira, n'kuchibwezeranso m'otentha. Pang'ono ndi pang'ono chimabwerera, timipata tonse timatsekeka, mpaka chimasanduka chinthu chimodzi chochindikala ngati bulangete lakale, chimene mphepo ya mu Juni siingaboole. Akabaza a kwathu ankazikonda kwambiri zipewazi. Ababa nawonso anali akabaza, ndipo masingano amene amayi ankalukira anali masipoko a njinga yawo yakale, onoledwa pamwala.

Koma si ulusi uliwonse umene umaphikika. Umene umamvera madzi otentha ndi wa ubweya wa nkhosa wokha. Wina uja wodzaza m'magolosale, wowala ngati maswiti, ndi pulasitiki. Umenewo uuphike tsiku lonse, udzatuluka m'mene unalowera, ngati m'mene ine ndinkatulukira ku katekisimu.

Ubweya weniweni tinkaupeza pa kaunjika ku boma. Kumeneko kunali a Saidi, wamalonda wa ndevu zoyera, amene akatsegula belo ankatisungira majuzi oyabwa omwe anthu ena ankawakana. Timapepala ta pakhosi tambiri tinali todulidwa kapena tofufutika, choncho juzi tinkaifunsa ndi moto. Umasolola kaulusi kumphepete n'kuyatsa machesi. Wa nkhosa umapsa monyinyirika, n'kuzima wokha, fungo lake ngati mbuzi yowawula, phulusa lake n'kufumbutuka pachala. Wa pulasitiki umayaka mwaphuma, umasungunuka, umanunkha ngati jumbo yagwera pamoto. Ovuta ndi osakaniza aja, amene maso ndi zala zikhoza kukunamiza. Apo pamafunika mphuno.

“Tiya,” anatero amayi, “mphuno yakoyo imamva mandasi a kwa aneba chitseko chili chotseka. Iyambe kugwira ntchito.”

Kuyambira pamenepo ndinali kuyesa majuzi ndine, kuwamasula ndine, kukulunga ulusi ndine. Pakhonde panali madengu awiri, lina la ulusi wophika, lina la pulasitiki umene amayi ankalukira masokosi a makanda. Panalinso lamulo limodzi: ulusi watsopano usanalowe m'dengu la wophika, ndiluke kaye kachigamba kakang'ono n'kukaphika, tione ngati kabwerere. Amayi sankandiyang'anira. Ankangopisa dzanja m'dengu n'kuyamba kuluka.

Apa ndiyenera kunena kuti kusukulu ndinali ndi dzina. Chule amene anatuluka m'bokosi la choko la mphunzitsi wina tsiku lina lake sanalowemo yekha. Nsapato za pulifeketi zimene zinapezeka pamwamba pa mtengo wa mango sizinakwere zokha. Zimenezo sindinazilapepo, ndipo wina akandifunsa lero ndimufotokozera ndi manja omwe. Anthu ankandiopa, ine ndinkakondwera nako kuopedwako.

Nthawi yomweyo achemwali anga a Agnesi anali pa chitomero ndi a Daka, mnyamata wa njinga yamoto yofiira amene ankatenga anthu pakati pa boma ndi malire. Anakhalapo zaka zingapo ku Chipata, ndipo anabwerako ndi lilime lake lomwe. Akandiona ankati, “Iwe ka mulamu, bwela nikupase lifti,” n'kunditsina tsaya ngati ndine khanda. Zimenezo ndikanazipirira. Koma tsiku lina pa siteji ya akabaza, ababa atangonyamuka kumene ndi mayi wina amene anali ndi tambala m'manja, ndinawamva a Daka akuuza anzawo.

“Njinga zakapalasa masiku ano nizonyamulira chabe nkhuku.”

Onse anaseka. Sanandione, ndinali kuseri kwa benchi ya wogulitsa nzimbe. Ndinayang'ana msana wa ababa ukupita, malaya atanyowa thukuta ngakhale kunkazizira, ndipo mawu akuti nkhuku anakhazikika mwa ine.

Pasanapite nthawi amayi anaganiza zowalukira apongozi awo atsopanowo chipewa. Kwathu mayi ndi mkamwini sayang'anizana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, polankhula amadzera mwa munthu wina. Chipewacho chinali njira yokha imene amayi akananenera kuti mwana wa eni amulandira. Anamutuma Agnesi kuti akayeze mutu ndi chingwe, ndipo Agnesi, poti pakamwa pake sipasunga kanthu, anakafika n'kulengeza kwa a Daka ndi azakhali awo omwe kuti kukubwera chipewa chimene sichinaonekepo m'Mchinji monse.

Amayi anafuna chotuwa, koma chokhala ndi mzere wofiira wodutsa pamwamba, kuchokera pachipumi kukafika kunkhongo, kuti chifanane ndi njingayo.

“Wofiira wophika tili nawo?” anandifunsa.

Panalibe. Koma m'dengu la makanda munali mpira wa ulusi wofiira ngati phwetekere, wofewa, wosanyezimira, woti ngakhale zala za amayi sizikanaukayikira. Ndipo ine ndinali nditaona kale chimene chimachitika ulusi wa mitundu iwiri ukakumana mumphika. Tsiku lina poyesa ndinalumikiza kachigamba ka ubweya ndi ka pulasitiki. Ubweya unabwerera, pulasitiki anakana, ndipo posowa kopita anadzipinda n'kutukumuka m'mwamba, mapindikiti okhaokha. Mzere wofiira pamwamba pa mutu, wopindikapindika, woimirira. Ndinaona tambala ali pa njinga yamoto, ndipo ndinachita kuluma mlomo kuti ndisaseke.

“Ulipo, amayi.”

“Unauyesa?”

“Mbuzi yeniyeni. Kachigamba kake kanabwerera bwinobwino.”

Sindinaganize kutali. M'mutu mwanga chipewa chinkachoka pa masipoko n'kukatera pamutu pa a Daka, ndipo siteji yonse inkagwa ndi phwete. Zoti pakati pa masipoko ndi mutuwo pali mphika, ndiponso kuti pamphikapo padzakhala pataima amayi, sindinaziwerengere.

Anachiluka mosamala kuposa zipewa zonse. Ankakhala padzuwa kuseri kwa nkhokwe, masipoko akuti tsekete tsekete, akumasula mzere wonse akaona kuti penapake palakwika. Anachiphika Loweruka m'mawa. Ndikukumbukira nthunzi ya sopo ikukwera m'mphepo yozizira, manja a amayi atafiira mpaka m'zigongono, Agnesi ataima pambali ndi ndowa ya madzi ozizira. Chotuwa chija chinamvera monga mwa masiku onse. Chofiira chinayamba kudzuka. Amayi anachibwezera m'madzi otentha n'kufikisa mzerewo ndi mphamvu. Chotuwa chinabwereranso, chofiira chinaimiriratu. Atachiveka pa chikho chimene ankaumbirapo zipewa, panalibenso wofunsa kuti chikufanana ndi chiyani. Linali lipombo lenileni, la tambala wamkulu, logwera pang'ono kumanzere.

Ndinene zoona, linali lokongola. Mpaka lero sindinapangepo chinthu chotheka bwino chotero. Ndinatembenuka kuyang'ana kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Ndinkadikira kukalipiridwa. Khutu ndinali nditalikonzekeretsa kale kupotokoledwa. Koma amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anakhala pansi pafumbi, n'kuyang'ana zikhatho zawo.

“Ndinaumva ulusiwu ukudutsa m'zala zanga masiku onsewa,” anatero motsitsa. “Sindinazindikire kanthu. Kale ndikanadziwa ndili chitsinzinire. Yayamba mphuno, tsopano zala.”

“Amayi, mwina ndi juzi yosakaniza,” anatero Agnesi, misozi ili m'maso. “Ndikawauza chiyani azakhali awo?”

“Ukawauze kuti amako akalamba. Mwanayu wachita mbali yake, anayesa. Wolakwa ndine woluka.”

Anadzuka, anatola masipoko onse, n'kukawatsomeka kudenga la khitchini, m'udzu wakuda ndi mwaye, kumene timatsomeka zinthu zimene zatha ntchito. Kuseka kwanga kunaphwa ngati tayala. Ndikanatha kulankhula pomwepo. Koma m'mabodza anga onse ndinali ndisanagwidwepo ndi pakamwa panga, ndipo ndinadziuza kuti pofika Lolemba adzawatsitsa okha.

Ababa anafika masana kudzapuma. Anaimika njinga, anachiyang'ana chipewa chili pachikho, anawayang'ana amayi, n'kuyang'ananso kudenga la khitchini. Kenaka anapita pakhonde, anatola kaulusi kofiira kotsala, anakapotokola pakati pa zala, n'kundiyang'ana ine. Sanandiyang'ane nthawi yaitali. Anachotsa chipewa chawo chakale n'kuvala chatsopanocho chikadali chonyowa.

“Bambo a Agnesi, vulani chimenecho,” anatero amayi. “Mukufuna dziko lonse lione manyazi anga?”

“Manyazi ali pati, aNaphiri? Chandikwana ngati munayeza ine.” Anagwedeza mutu, lipombo n'kuvina. “Tiya, kuyambira Lolemba usamayendenso wapansi. Kukuzizira. Ndizikakutula kusukulu ndekha.”

Anthu amati ndinatengera agogo ena a kuchimuna amene sindinawaone. Lolemba limenelo ndinadziwa amene ndinatengera.

Sanadzere njira yachidule ya m'minda ya mtedza. Anadzera mumsewu waukulu, kudutsa pachigayo, pamjigo pamene amayi a m'mudzi anali pamzere, mpaka pa siteji. Paliponse ankaimba belu ndi kupereka moni mwaulemu wonse, kufunsa za ana ndi za odwala, lipombo likugwadira aliyense. Ine ndili pakaliyala kumbuyo, chikwama chili kumaso. Pa siteji akabaza anzawo anachita kugwira m'mimba.

“A Banda, kwacha kodi? Tadzutseni mudzi!”

“Misoti ili kuti, akuluakulu?”

A Daka analipo, atakhalira njinga yawo yofiira. Sanaseke. Anavula magalasi n'kuyang'ana pansi, poti amene ankasekedwawo anali apongozi awo, ndipo ndikhulupirira anali atamva kale kwa Agnesi kuti chipewacho chinali cha yani.

Kusukulu ababa sananditsitsire patali. Analowa mpaka pamene ana ankafola, n'kuimba belu. Ana onse anatembenuka. Pulifeketi wa nsapato uja ndiye anayambitsa, ndi mawu okweza bwino: “Kokoliliko!” Fomu 1 yonse inayankha. Pofika nthawi yopuma ndinali nditasanduka Namsoti. Pa desiki yanga ndinapeza chimanga chobalalika. Mphunzitsi wa chule uja, polowa m'kalasi, anafunsa mwaulemu ngati ndaikira kale kapena adikire. Ine amene ndinkaseketsa sukulu yonse ndinaona koyamba m'mene chipinda chimaonekera ukakhala pakati pa kuseka, osati m'mphepete mwake.

Zinapitirira tsiku ndi tsiku. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali kusukulu. Anali masana kunyumba. Amayi ankakhala pamalo pawo paja kuseri kwa nkhokwe, manja ali pamiyendo, opanda kanthu. Nthawi zina zala zawo zinkayenda zokha ngati zikuluka. Wakabaza wina anabwera kudzapempha chipewa cha mwana wake, amayi anamubweza. “Pitani mukagule cha kaunjika, bambo. Ine ndinasiya.” Pamjigo anayamba kutuma Agnesi, poti amayi anzawo ankawafunsa ngati ayamba kulukira a gule.

Tsiku lina m'mawa, tili pa chitunda pamene ababa ankatsika n'kumakankha njinga, ndinalephera kupirira.

“Ababa, chonde vulani chipewacho.”

“Chifukwa?”

“Anthu akukusekani.”

“Akundiseka ine? Ndimayesa akuseka iwe.” Anakankha njinga pang'ono. “Chipewachi n'chofunda, mwana wanga. Ndiponso amene anasankha ulusi wake anasankha mosamala kwambiri. Ntchito yotere siyenera kubisidwa m'nyumba.”

Ndinayang'ana fumbi la pa nsapato zanga.

“Sichinali chanu,” ndinatero. “Chinali cha a Daka. Ananena kuti njinga yanu ndi yonyamulira nkhuku.”

Ababa anaima, n'kuseka mpaka kutsokomola.

“Nanga ananama? Ndimanyamula nkhuku, mbuzi, matumba a chimanga, ndiponso masiku ano msoti wa Fomu 1. Iwe unafuna kulasa a Daka. Tayang'ana amene wagwa.” Anakweranso njinga. “Ine sindikawauza amako kanthu, si ine ndinabwereka mphuno. Koma chipewachi ndidzavula tsiku limene masipoko aja adzatsike kudenga. Kukatentha ndidzavalabe. Pa chinkhoswe cha Agnesi ndidzavala. Ukadzakhoza mayeso ndidzabwera nacho kudzakuombera m'manja.”

Ndinkawadziwa. Akanachitadi.

Masana amenewo ndinatenga machesi ndi kaulusi kofiira kotsala kaja, n'kukagwada pamaso pa amayi kuseri kwa nkhokwe. Ndinangoyatsa machesi. Kaulusi kanayaka mwaphuma, kanasungunuka, dontho lakuda linagwera pachala changa n'kumatirira. Chipsera chake ndili nacho. Amayi sanamve fungo, koma maso anali nawo.

“Unati mbuzi yeniyeni.”

“Ndinanama, amayi. Ndinautenga m'dengu la makanda. Ndinkadziwa chimene udzachite.”

Amayi anayang'ana zikhatho zawo. Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi mapazi athu, ndipo sindinathe kuziyang'ana.

“Ndiye kuti zala zanga…”

“Ndinasankha wofewa dala, woti musauzindikire.”

Sanandimenye. Ndikanakonda akanatero. Anangoti, “Ndinakupatsa mphuno yanga kuti undisungire,” n'kuitana ababa amene anali kupopa tayala. Anawavula chipewa ndi dzanja lawo n'kuchiponya pamiyendo panga. “Masula. Ulusi wotuwawo ndi wabwino, ndikuufuna.”

Ndinafunafuna poyambira. Juzi iliyonse ili ndi nsonga yake, ukaipeza yonse imatsatira. Koma ubweya wophika ulibe nsonga. Ndinakanda ndi zikhadabo, ndinayesa ndi singano, koma unali utagwirana n'kukhala chinthu chimodzi. Amayi ankadziwa zimenezi kuposa aliyense, ndipo anandisiya ndivutike mpaka dzuwa litapendeka. Chimene chinamasuka ndi chofiira chokha. Nditadula malo amodzi, lipombo lonse linasololoka mosavuta, ulusi uli wofiirabe, wosasintha, ngati sunalowepo mumphika. Chinatsala m'manja mwanga ndi chipewa chotuwa chong'ambika pakati, kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo.

“Tsopano tseka,” anatero amayi. “Luka chigamba cha ubweya, uphike, usokerere. Ababa ako asayende ndi mutu wapabwalo.”

Masipoko ndinakawatsitsa ndine, nditakwera pamtondo, mwaye ukundigwera m'maso. Ndinawapukuta n'kuyamba kuluka. Ine kuluka ndinkangodziwa kwa tizigamba toyesera. Mzere woyamba unathina, wachiwiri unatayirira, wachitatu ndinagwetsa maluko angapo. Amayi ankayang'ana kumbali, koma ndinkawamva akupuma mwamphamvu nthawi iliyonse ndikalakwitsa. Ababa anali atasiya kupopa n'kukhala pa njinga, mutu uli pamphepo, akuimba kamluzu.

“Ulusi usaukoke ngati ukumanga mbuzi.”

“Chonchi?”

“Ayi, iwe! Chala chako chili kuti? Manja ngati makasu. Bweretsa kuno.”

Anandilanda masipoko. Tsekete tsekete anayambiranso, mofulumira, mokwiya. Ababa anasiya mluzu, anandiyang'ana, n'kubwerera kukapopa tayala lawo.

A Daka analandira chipewa chawo mochedwa, chotuwa chokhachokha. Ulusi wake unayesedwa amayi ali pomwepo, ine ndikuyatsa, Agnesi akununkhiza, iwo akufikisa phulusa. Kuyambira pamenepo sanapisenso dzanja m'dengu osayang'ana. Ndinkaziona zimenezo, ndipo mpaka lero ndikawaona akuyatsa machesi pa ulusi umene ndawapatsa ine, nkhope imanditentha.

Sukulu ndinamaliza, dzina la Namsoti ndinatuluka nalo. Sindinasanduke mngelo. A Daka, amene tsopano ndi alamu anga enieni, anapezapo dzira m'chisoti chawo cha njinga, ndipo sindikudziwa kuti linalowamo bwanji. Za pulifeketi, za chule, za dzira, ndilibe nazo chisoni, chifukwa onsewo ankadziwa kuti pali Tiya ndipo ankayenda maso ali tcheru. Amayi okha ndi amene anatsinzina dala n'kundipatsa dzanja. Nthabwala yodzera mwa munthu wotero siifika kumene waituma, imathera mwa iyeyo.

Chipewa chija ababa amachivalabe mu Juni, chigamba chili pamwamba ngati chipsera. Wokwera akafunsa chimene chinachitika, amayankha akupalasa: “Chinali ndi lipombo ichi. Tinachita kulidula litayamba kulira.”